Kusankha reel yopepuka yoponyera swimbait powedza bass

Munthu akafuna reel (kachipangizo kokulungira chingwe pa ndodo yowedzera) yopepuka ya mtundu wa baitcaster, womwe umakhala pamwamba pa ndodo ndipo spool yake, pomwe chingwe chimakulungidwa, imazungulira poponya, asanayang'ane mtengo kapena dzina la kampani, ayambe wayeza nyambo yake pa sikelo. Dzina loti swimbait, kutanthauza nyambo yopangidwa ngati nsomba yosambira, limatchulidwa pa nyambo zosiyana kutalitali. Pali kansomba ka labala ka masentimita 10 kapena 12 kovekedwa pa mbedza ya mutu wa mtovu, monga Keitech Swing Impact, komwe sikapitirira magalamu 25 mbedza ili momwemo. Palinso chinsomba cha Huddleston cha mainchesi 8 cholemera kuposa magalamu 100, ndi Deps Slide Swimmer 250 ya ku Japan yopitirira magalamu 150. Palibe reel imodzi yomwe ingagwire bwino ntchito ndi zonsezi.

Nyambo zikuluzikuluzi zinatchuka m'madamu a ku California monga Castaic ndi Casitas, komwe bass, omwe ndi nsomba zodya nsomba zinzake, amanenepa ndi nsomba za trout zothiridwa m'madzimo. Kum'mwera kwa Africa bass anafika ku South Africa m'chaka cha 1928, ndipo lero amawedzedwa ku Albert Falls ndi Inanda m'chigawo cha KwaZulu-Natal, ku Darwendale ndi Mutirikwi ku Zimbabwe, komanso ku Chicamba ku Mozambique. M'madamu amenewa bass amadya tilapia ndi tinsomba tina, choncho woyamba kumene sakufunika kuthamangira nyambo yaikulu kwambiri.

Nyambo yosapitirira magalamu 30 imayenda bwino ndi reel ya saizi 100 kapena 150. Kuyambira magalamu 30 kufika 60 tengani saizi 200, monga Shimano Curado 200K yomwe imalemera magalamu pafupifupi 215, kapena Daiwa Tatula 200. Nyambo ikadutsa magalamu 60, lolani kuti dzanja linyamule saizi 300, monga Shimano Tranx 300 kapena Tatula 300, zomwe zimapitirira magalamu 300. Ambiri amanyinyirika akamva kulemera kumeneku, koma palibe njira yozembera.

Vuto la reel yaing'ono pa nyambo yaikulu limayambira pa chingwe. Swimbait yolemera imafuna chingwe cha fluorocarbon kapena nayiloni cha mphamvu yopirira kukoka kwa mapaundi 20 mpaka 25, ndipo chingwe chotere n'chonenepa. Pa spool yosaya chimalowa chochepa. Mukaponya mamita 45 kapena 50, spool imatsala yowonda, ndiye mukazunguliza chigwiriro chingwe chimabwera pang'ono kwambiri pomwe nyambo ili kutali, kenako n'kumafulumira ikamayandikira. Nyambo siyenda mofanana, ndipo bass akagwira kutaliko mumachedwa kukunga chingwe kuti mbedza ilowe. Chingwe cholimba chikakulungidwa pa spool yaing'ono chimapiringizika, chimadumpha poponya, n'kukolana. Funani spool yolowa mamita osachepera 100 a chingwe chomwe mudzagwiritsedi ntchito. Manambala olembedwa pa bokosi nthawi zambiri amakhala a chingwe chowonda, choncho werengani bwino.

Chachiwiri ndi thupi la reel, ndipo apa mpamene kupepuka kumapusitsa anthu. Thupi la pulasitiki ya graphite ndi lopepuka komanso lotsika mtengo, koma limapindika pang'ono mukamakoka chinthu cholemera. Maso sangaone kupindikako, koma mano a magiya amavutika nako: giya yaikulu ndi yaing'ono zimasiya kulumana molunjika, zimadyana, ndipo pakatha miyezi ingapo reel imayamba kukhakhala ndi kulira. Thupi likhale la aluminiyamu. Zivundikiro za m'mbali zikakhala za carbon palibe vuto, chifukwa apa ndi pomwe kulemera kungachotsedwe popanda kutaya mphamvu. Magiya a brass amalemera kuposa a aluminiyamu koma amapirira kukoka kwa tsiku lonse, ndipo pa swimbait yaikulu ndi amene tikulimbikitsa. Ma reel a thupi la magnesium, monga Shimano Aldebaran yomwe siifika magalamu 150, ndi okoma m'dzanja, koma anapangidwira tinyambo topepuka. Osawazunza ndi chinsomba cha magalamu 100.

Za kuchuluka kwa mabeyaring'i musataye nazo nthawi. Asanu abwino aposa khumi ndi awiri achabechabe.

Liwiro la magiya nalo lifunika kulimvetsa. Pakalembedwa 6.3:1 ndiye kuti spool imazungulira maulendo 6.3 chigwiriro chikazungulira kamodzi. Swimbait ya labala imagwira nsomba ikamayenda mwaulesi, mchira ukugwedera pang'onopang'ono, ndipo munthu amene wanyamula reel ya 8:1 amathamangitsa nyambo asakudziwa, makamaka akaona bass ikutsatira. Magiya a pakati pa 5.8:1 ndi 6.4:1 amakuthandizani kudekha ndipo satopetsa mkono. Komabe nambala yofunika kwenikweni ndi kutalika kwa chingwe chobwera pa kuzungulira kumodzi. Tranx 300 ya 5.8:1 imakoka masentimita pafupifupi 76, pomwe Curado 200K ya 6.2:1 imakoka pafupifupi 66, chifukwa spool ya Tranx ndi yaikulu. Nyambo zolimba za mfundo imodzi zotchedwa glide bait, zomwe zimakhotera uku ndi uku mukamazunguliza moduladula, zimafuna liwiro la 7:1 kuti muzichotsa msanga chingwe cholendewera.

Reel musaiyese yokha m'dzanja. Imangeni pa ndodo yomwe mudzawedzere, ya mamita 2.2 pa nyambo zazing'ono kapena 2.4 pa zazikulu, ndipo muisanjike pa chala kutsogolo pang'ono kwa reel. Ndodo yaitali ikapatsidwa reel yopepuka kwambiri imalemera kunsonga, ndipo pofika masana mkono umakhala ukuwawa kuposa mukadakhala ndi reel yolemerako. Onaninso manambala olembedwa pa ndodo, kuti nyambo yanu ili mkati mwa kulemera komwe ndodoyo imaloledwa kuponya.

Mukagula, dzazani chingwe kusiya mamilimita awiri kapena atatu kuti chifike m'mphepete mwa spool. Ngati mwasankha chingwe choluka cha braid, cha mapaundi 50 mpaka 65, yambani mwakulunga nayiloni pang'ono pansi kuti chisaterereke pa spool. Dziwaninso kuti braid siitamuka. Ikakolana nyambo ili m'malere, imaima mwadzidzidzi, chingwe chimaduka, ndipo nyambo yodula imapita yokha pakati pa damu. N'chifukwa chake woyamba kumene ayambe ndi nayiloni kapena fluorocarbon.

Kabatani kozungulira ka m'mbali mwa chigwiriro kamangeni mpaka spool itangosiya kugwedera uku ndi uku, osapitirira apo. Kumangitsa kumadya kumapeto kwa chitsulo cha spool ndipo kumafupikitsa mtunda. Ntchito yoletsa kukolana isiyireni mabuleki, kaya ndi a maginito monga Magforce ya Daiwa kapena a timapini monga SVS ya Shimano. Yambani ali okwera, kenaka muzitsitsa pang'onopang'ono mpaka mutamva chingwe chikuyamba kufufuma pansi pa chala chachikulu, n'kubwezanso kamodzi. Swimbait yambiri ili ndi thupi lophwatalala, imagubuduka m'malere ndi kutaya liwiro, pomwe spool ikupitiriza kuthamanga. Poponya moyang'ana mphepo onjezerani mabuleki. Nyambo yolemera siikwapulidwa ngati mkwapulo wa ng'ombe. Isiyeni ilendewere theka la mita kapena kuposerapo kuchokera kunsonga, ndipo muikankhe modekha ndi manja awiri, ndodo igwire ntchito.

Pali ngozi ina yomwe imapha ma reel ambiri. Mukaponya mwamphamvu chigwiriro chingathe kuzungulira chokha, makamaka cha mutu umodzi wolemera, n'kulumanitsa magiya spool ikuthamanga. Mano a giya yaing'ono amabenthuka ndipo chingwe chimaduka. Poponya, chigwiriro chiyang'ane kumwamba, ndipo nyambo ikamagwa m'madzi imitsani spool ndi chala kaye musanazungulize. Nyambo ikakodwa pa chitsa musaikoke ndi reel. Kulungani chingwe pa kamtengo n'kukoka ndi manja.

Drag, yomwe imalola chingwe kutuluka nsomba ikakoka mwamphamvu, muimange pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a mphamvu ya chingwe. Pa nyambo ya labala ya mbedza imodzi yaikulu mungathe kumangitsako kuti mbedza iboole pakamwa polimba. Pa nyambo ya mbedza za mano atatu masulaniko, chifukwa bass akadumpha n'kupukusa mutu mbedzazi zimang'amba pakamwa. Mukafika kunyumba masulani drag yonse, pukutani reel, chotsani mchenga pa chitsulo chomwe chimayendetsa kolowera chingwe, ndipo pa beyaring'i iliyonse ya spool dontho limodzi la oyilo ndi lokwanira. Girisi ndi wa magiya okha, akalowa m'mabeyaring'i a spool nyambo siipitanso patali.