Kukonza ulendo wa theka la tsiku m'phiri lapafupi ndi mzinda

Mukufuna kukwera phiri m'mawa n'kubwerako dzuwa lisanapendeke? Khalani ndi nsapato zogwira pansi zomwe munazizolowera kale, madzi malita 2, chipewa, kamba pang'ono ndi foni yodzaza moto.

1. Sankhani njira ya makilomita 6 mpaka 10, kupita ndi kubwera.
2. Werengerani nthawi: ola limodzi pa makilomita 5 alionse, ndi ola lina pa mamita 600 alionse okwera m'mwamba (poyeza msinkhu wa phiri, osati kutalika kwa njira). Umenewu ndi muyezo wa munthu wamphamvu wosapuma panjira, ndiye inu onjezerani ola.
3. Sungani mapu mufoni mukadali kunyumba. M'zigwa netiweki imathawa.
4. Uzani munthu kumene mukupita ndi nthawi yobwerera.
5. Nyamukani kukadali kozizira.
6. Pangiranitu nthawi yotembenukira. Apa ndi pamene ambiri amalakwitsa: amaona nsonga ngati ili pafupi n'kumati "tatsala pang'ono", pomwe kuseri kwake kuli chitunda china. Nthawi ikakwana bwererani, kaya mwafika kaya simunafike.
7. Potsika musadule njira. Miyendo imakhala itatopa, ndipo timiyala timaterera.