Kujambula maluwa ndi nyama kuno ku Salima mukangogula kamera

Ngati mwangogula kamera ya digito ndipo mtima uli dyokodyoko kuti muthamangire kumalo osungira nyama zakutchire a Kuti kukajambula mbidzi, ndikukupemphani kuti mudikire kaye. Yambirani m'munda kapena kudimba. Duwa silithawa, ndiye limakupatsani mpata wodziwa mabatani anu bwinobwino musanakumane ndi chinthu chamiyendo. Limaphunzitsanso chinthu chimene ine ndimachiona kuti n'chachikulu pa ntchito yonseyi: chamoyo chilichonse chili ndi ola lake.

Tengani thonje. Ine ndimagwira ntchito ndi alimi a mbewu imeneyi, choncho maluwa ake ndimawaona chaka ndi chaka. Duwa la thonje limatseguka m'mawa lili loyera mopita kuchikasu, pofika madzulo limayamba kufiirira, mawa lake limakhala lapinki, kenako limafota n'kugwa. Mukapita m'munda mu February kapena March, pa tsinde limodzi mupeza mitundu yonse iwiri, la lero ndi la dzulo. Chiluwe cha maungu nacho chimatseguka mbandakucha, njuchi n'kumalowa n'kutuluka zili mbuu ndi mungu, ndipo dzuwa likakwera chimatsekeka. Mukachedwa mupezanso kuti amayi athyola kale cha ndiwo. Pemphani kwa eni munda dzulo lake, mulawirire.

Nyanja ili kum'mawa kwathu, ndiye kuwala koyamba kumabwera kofewa, kopendekeka. Kuchokera cha m'ma 6 koloko mpaka 8 koloko ndiyo nthawi yanu. Ikakwana 10 koloko dzuwa la ku Salima limakhala litalusa, duwa loyera limangotuluka mbee pa chithunzi, opanda mitsempha yake. Tsiku la mitambo m'nyengo ya dzinja musalinyoze, pakuti mitundu imatuluka yokhuta. Yesaninso kuima moti dzuwa likhale kuseri kwa duwa, chapambali pang'ono. Kuwala kumadutsa m'kati mwa duwalo ndipo timizere tonse timaoneka.

Pa kamera, funani kachizindikiro kooneka ngati duwa. Kameneko n'kojambulira zinthu zapafupi. Mukazolowera, tembenuzani kagudumu kapamwamba kafike pa A, makamera ena amalemba Av. Apa ndi pamene mumasankha kukula kwa kabowo kolowera kuwala. Nambala yaing'ono, monga f/4, imachititsa kuti zakumbuyo zisungunuke, duwa lokha liime. Koma mukayandikira kwambiri, mbali yooneka bwino imachepa zedi, mwina nsonga yokha ya duwa, ndiye kwezani ifike f/8. Batani lojambulira musamalidinikize kamodzi n'kamodzi. Dinikizani theka, mudikire kamera igwire pakati pa duwa pamene pali mungu, kenako malizitsani pang'onopang'ono.

Gwadani. Duwa lojambulidwa munthu ali chiimire limaoneka ngati lagwa pansi. Ndipo musanajambule yendetsani diso m'mbali zonse za chithunzi. Jumbo yokodwa pa phesi, chigubu, phazi la mnzanu, zonsezi diso silizilabadira koma kamera imazitola. Kusuntha phazi limodzi lokha kumachotsa zambiri.

Mphepo ndi mdani. M'miyezi ya mwera, kuyambira May mpaka August, maluwa sakhazikika. Tchingani ndi thupi lanu kapena katoni, ndipo liwiro la shata, kachitseko kamene kamatseguka n'kutsekeka pojambula, lisatsike pansi pa 1/250 ya sekondi. Fulashi zimitsani. Ngakhale duwa la mlambe, limene limatseguka kukamada cha mu October ndi November, loyera, lolendewera chozondoka, limakoma mnzanu akaliwunikira ndi tochi kuchokera pambali, inu mutakweza ISO, nambala yothandiza kamera kuona mumdima, kufika 1600. Mileme ndiyo imalichezera usiku, ndipo tsiku lotsatira limayamba kuda n'kuthothoka, choncho mwayi wake ndi wa usiku umodzi.

Mukachoka pa maluwa, pitani kwa tombolombo. Kachilombo kameneka kali ndi khalidwe lothandiza: kakasankha kamtengo m'mphepete mwa madzi, kamauluka n'kubwerera pomwepo. Musakathamangitse. Khalani pansi, lozetsani kamera pa kamtengoko, dinikizani theka, dikirani. Chithunzithunzi chanu chisagwere pa iko, apo ayi kathawa. Gulo wa pa mtengo wa mango naye amazolowera munthu amene wakhala phee. Pa nyama iliyonse, yaikulu kapena yaing'ono, diso lake ndilo liyenera kuoneka lakuthwa. Mchira ukhoza kusungunuka, palibe adzadandaule.

Za mbalame, tembenuzani kagudumu kafike pa S kapena Tv, pamene mumasankha liwiro la shata. Nkhwazi ikamauluka pa Senga Bay imafuna 1/1000 kapena kuposa, ndipo ikani kamera kuti izijambula motsatizana mukagwira batani. Kakowa ndi woyera kwambiri, ndiye tsitsani kabatani ka +/-, kowonjezera kapena kuchepetsa kuwala, kafike pa -1 kuti nthenga zioneke. Zoom ya digito muitseke m'kati mwa menyu. Imangokulitsa timadontho, siyibweretsa mbalame pafupi. Gwiritsani ya lenzi yokha, zigongono zili pachifuwa, kapena mutatsamira mtengo. M'galimoto, kathumba ka mpunga kapena nyemba koika pa windo kamagwira kamera bwino kwambiri, injini itazimitsidwa.

Tsopano mukhoza kupita ku Kuti. Ubwino wake ndi woti kulibe mikango kapena njovu, ndiye munthu amayenda pansi kapena pa njinga. Mbidzi n'zosavuta chifukwa mizere yake imathandiza kamera kugwira msanga. Mphalapala yaimuna ndiyo imavuta, pakuti ndi yakuda, ndipo masana nkhope yake imangokhala bii. Ifuneni m'mawa, kuwala kukuigunda chapambali. Nyama musamaiyendere molunjika. Yendani chopingasa ngati muli ndi ulendo wanu wina, ikadzutsa mutu imani, ikayambanso kudya sunthani. Tolani kafumbi m'manja n'kukasiya kuti muone kumene mphepo ikulowera, fungo lanu lisatsogole.

Ku nkhalango ya Nkhotakota nkhani ndi ina. Bungwe la African Parks lidayamba kuyendetsa malowa mu 2015, ndipo mu 2016 ndi 2017 kudabwera njovu pafupifupi 500 kuchokera ku Liwonde ndi ku Majete. Koma nkhalangoyo ndi yowirira, njovu mumaiona pakati pa mitengo, ndipo kamera ikasiyidwa kuti isankhe yokha imagwira tsamba lapatsogolo m'malo mwa nyama. Pa timadontho tosonyeza pamene kamera igwire, sankhani kamodzi kapakati, mukalozetse pa diso. Mu September ndi October madzi akachepa m'tchire, nyama zimatsikira ku mtsinje wa Bua, komanso mitengo ya m'nkhalangomo imaphuka masamba ofiira amene paokha ndi chithunzi. Musavale zabuluu kapena zakuda chifukwa zimakopa kashembe. Zimene wakuuzani msilikali wa nkhalango, tsatirani osatsutsa. Akati bwererani, bwererani, ngakhale chithunzi chitatsala pang'ono kutheka.

Pobwerera pa msewu wa M5, imani pa nyanja yaing'ono ya Chia. Pa bwato m'mawa mupeza maluwa a kakombo atatseguka, ndi kambalame ka zala zitalizitali kakuyenda pamwamba pa masamba ake. Masana maluwawo amayamba kutsekeka. Kamera ikhale m'pulasitiki mpaka nthawi yojambula, chingwe chili m'khosi. M'mphepete mwa madzi alionse kuno kumbukirani ng'ona, ndipo musadzaime pakati pa mvuu ndi madzi ake.

Pali chimodzi chimene chimandipweteka mtima. Ena amagenda mbalame kuti iuluke, ena amathyola nthambi zotchinga chisa, ena amapatsa ana ndalama kuti awabweretsere tiana ta mbalame kapena nanzikambe. Chisa chovundukulidwa chimaonekera kwa khwangwala, ndipo mwana amene walandira ndalama lero akagwiranso china mawa. Chonde musatero. Anyani nawo musawaponyere chakudya, amazolowera n'kuyamba kulanda anthu.

Mchenga wa kunyanja ndi fumbi la mu October zimapha makamera ambiri. Musasinthe lenzi pagombe mphepo ikuwomba, musaipukute ndi malaya kapena chitenje, ndipo musasiye kamera m'galimoto yotseka masana. Gulani kopopera mpweya ndi kansalu kofewa ka magalasi. Batire yachiwiri ndi yofunika, ndipo zonse muzitchaja magetsi akangopezeka. Zithunzi muzikazionera pa kompyuta, poti pa kagalasi ka kamera chilichonse chimaoneka chakuthwa. Chithunzi chilichonse chimasunga nambala zimene munagwiritsa ntchito, ndiye chikasokonekera onani liwiro la shata ndi ISO, mudziwe chokonza. Koperani zonse musanafufute khadi, ndipo potumiza pa WhatsApp tumizani ngati document, chifukwa njira yamasiku onse imachepetsa chithunzi ndipo nthenga za kakowa zija zimatayika.