Kucheka mapolo akale a magetsi kukhala matabwa

Mwafunsa ngati mapolo akale a magetsi angatuluke matabwa omangira shedi ya ngolo ku Santhe. Amatuluka, koma yambani mwasunga lisiti yogulira. Katundu wa ESCOM sangotoledwa.

Zulani misomali, mabawuti ndi mawaya onse, chifukwa msomali umodzi wokha umagulula mano a sowo. Kutsinde kukakhala kofumbwa, dulani, kenako tsukani mchenga. Polo wa bulugama wouma ndi wolimba, ndiye chekani pang'onopang'ono, panja, mutavala magolovesi ndi chotchinga kumphuno. Mafuta akuda amene amathira m'mapolo kuti asadyedwe ndi chiswe, otchedwa creosote, amatentha khungu, makamaka padzuwa.

Mankhwala salowa mpaka pakati pa polo, choncho matabwa a pakatiwo asakhudze dothi, chiswe chingawadye. Utuchi ndi zidutswa musasonkhere moto, chonde. Musamangirenso nkhokwe, modyera ziweto kapena chigafa: fodya amatenga fungo msanga.