Kadi ya Khirisimasi yodinda ndi mbatata

Anzanga, makadi am'mashopu ndi odula, ineyo ndimangopanga ndekha, mphindi 20 basi kadi yatheka. Gulani pepala la manila loyera, mulidule nkulipinda pakati. Chidindo musavutike nacho, tengani mbatata ya kachewere imodzi muidule pakati, jambulani nyenyezi kapena kamtengo, kenako semani ndi lezala kuchotsa zam'mbali kuti chithunzicho chitsale chotukuka. Koma ipukuteni kaye ndi kansalu mpaka iume, ikakhala ndi madzi inki imayenderera ndiye mumangoona zimadontho, ine ulendo woyamba ndinaononga mapepala atatu ndisanazindikire. Inki ndi ya padi ija amadindira makalata mu ofesi, yofiira ndiyo imakongola, ya buluu imaoneka ngati lisiti. Yesani kaye pa nyuzi yakale, dindani kamodzi osagwedeza dzanja nkukweza molunjika. Zilembo zokha musaseme, zimatuluka zotembenuka ngati pagalasi, bola "Khirisimasi yabwino" mungolemba ndi bolopeni. Idikireni iume musanaike mu envulopu, apo bii ithimbiriza mbali inayo. Mbatatayo mawa imakhala itafota, ndiye dindani makadi onse tsiku lomwelo.