Musanabetche pa mahatchi ku Borrowdale

Abale anga a kuno ku Harare amene mumapita ku Borrowdale Park, ndalama yobetchera muzipatula musanachoke pakhomo. Ya lendi ndi yotumiza kumudzi isalowe m'thumba limenelo. Ngati mwatenga madola 20, pa mpikisano umodzi ikani dola imodzi kapena awiri basi. Mukaluza musawonjezere kuti mubweze, chifukwa ambiri amagwera pomwepo.

Posankha hatchi, dzina lokoma lisakunyengeni. Onani m'kabuku ka mpikisano mmene inathamangira maulendo apitawa, makamaka pa mtunda wofanana ndi walero. Hatchi yaliwiro pa mamita 1000 imatha kufooka pa mamita 2000 a mpikisano wa Castle Tankard. Onaninso kulemera komwe yasenza. Pa mpikisano wa handicap, hatchi yamphamvu amaisenzetsa makilogalamu ochuluka dala kuti zinzake zipezeko mwayi, ndiye yomwe inapambana posachedwa nthawi zambiri lero imakhala italemedwa. Mvula ikagwa bwalo limafewa, ndipo si hatchi iliyonse imakonda nthaka yonyowa.

Uja wokunong'onezani pageti kuti ali ndi hatchi yosalephera, mufunseni chifukwa chake akupempha ndalama ya kombi. Ine ndimaona kuti place, kubetcha kuti hatchi imaliza m'gulu la zoyambirira, ndi yabwino kwa oyamba kumene: phindu ndi lochepa, koma hatchi siyifunika kukhala yoyamba kuti mulandire.