Musanagule galimoto yachikale yothamanga yoti mupite nayo ku Blantyre, ndimvereni kaye

Achimwene amene muli ku Joni, ku Cape Town, ku Leeds kapena ku Dublin, matendawa ndikuwadziwa chifukwa anandigwira inenso. Lamlungu lina ndinaima m'mbali mwa msewu ku Soweto, BMW yakale ya zitseko ziwiri n'kudutsa ikulira ndi mawu a masilinda 6, mtima wanga n'kupita nayo. Kuyambira tsiku limenelo ndikagona ndinkadziona ndikutsika nayo mu Chipembere Highway kuchokera ku Limbe, anthu pa Chichiri akuicheukira. Lero galimotoyo ili pakhomo panga ku Chilomoni ndipo ndimaikonda. Koma ndalama ndi tulo zimene ndinataya kuti ifike pamenepo zimandipwetekabe, ndiye sindikufuna wina adutse njira yomweyo.

Yambani ndi kuidziwa galimotoyo musanaione ndi maso. BMW imene tikunenayi ndi ya mtundu wa E30, imene inapangidwa kuyambira 1982 mpaka 1994, ndipo za ku South Africa ankazilumikiza ku Rosslyn pafupi ndi Pretoria. Imene anyamata a m'malokeshoni amaitcha Gusheshe yeniyeni ndi 325iS, inatuluka mu 1990 ndi injini ya malita 2.7, ndipo zinapangidwa mazana ochepa chabe. Ndiye munthu akakuuzani pa Facebook kuti akugulitsa 325iS pa mtengo wa Corolla, dziwani kuti ndi 325i wamba kapena 318i imene aiveka mabampala ndi zilembo za inzake. Yanga ndi 325i ya 1988, malita 2.5, ndipo ndinaigula ndikudziwa chimene ili. Kwa inu a ku UK, maso anu adzakodwa ndi MGB, imene inapangidwa ku Abingdon kuyambira 1962 mpaka 1980, zoposa theka la miliyoni, ndipo masipeya ake akupangidwabe. Ndi yokongola, sindikana. Koma mukandifunsa ine, ya Blantyre ndi Mazda MX-5, imene inayamba mu 1989, chifukwa ndi ya ku Japan ndipo makaniko wa ku Ndirande akaitsegula sasochera. Za Jaguar, Alfa Romeo ndi Triumph zisiyireni amene ali ndi garaja yawoyawo. Ya chiwongolero cha kumanzere musaiyang'ane n'komwe. Kwathu timayenda kumanzere kwa msewu, ndipo kupitirira lole pa Zalewa muli m'kagalimoto kakafupi, mutakhala mbali ya kutchire, n'kudziitanira maliro.

Mdani wa galimoto zakale ndi dzimbiri. Injini imakonzeka, giyabokosi imasinthika, koma thupi likadyeka mwagula chitini. Penti wonyezimira asakupusitseni, paja chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Pitani masana, tengani tochi ndi kamaginito, gonani pansi ndithu ngakhale mwavala zoyera. Pamene maginito akukana kumata pa chitsulo, pamenepo anamatapo phala lobisa bowo. Pa E30 funyululani kapeti kumapazi, onani m'buti, onani pamene pamalowa jeke ndi m'mphepete mwa matayala a kumbuyo. Za ku UK zimadyeka kunsi chifukwa amathira mchere m'misewu nthawi yozizira. Za ku Durban ndi Cape Town zimadyeka ndi mphepo ya m'nyanja. Ya ku Gauteng, kumene mpweya ndi wouma, ndiyo yoyamba kuiganizira. Komanso muuzeni wogulitsayo kuti asailize inu musanafike, mukufuna kuimva ikudzuka injini ili yozizira. Mukapeza boneti ili yofunda, funsani chifukwa chake. Ndipo E30 zambiri za ku Joni zinazunzika m'masewero ozungulitsa galimoto utsi uli tolotolo, ndiye ikamalira kumbuyo kapena matayala ikamakhukhuluza pokhota pang'onopang'ono, isiyeni.

Injini ya masilinda 6 ya mu E30 imayendera lamba, ndipo lambayo akaduka mavavu amawombana ndi mapisitoni. Musinthe musananyamuke, kaya wogulitsa walumbira chotani kuti ndi watsopano.

Mapepala ake ndi odziwika. Nambala ya chasisi ndi ya injini zifanane ndi zolembedwa, muwerenge nokha chilembo ndi chilembo. Ku South Africa mukufunika chikalata cha apolisi cha SARPCCO chotsimikiza kuti si yakuba ndi chilolezo cha ITAC chotulutsira galimoto m'dziko. Ku UK ndi V5C, chikalata cholembetsera galimoto, ndipo mbiri ya MOT, kuyeza galimoto kwa chaka ndi chaka, mumaiona ulele pa intaneti ya boma, kungoti yopitirira zaka 40 saikakamiza MOT, ndiye kuyeza kuli kwa inu.

Zonsezi ndinazichita bwino. Pamene ndinagwa ndi pa ejenti, munthu woyendetsa mapepala a msonkho kuti galimoto ilowe m'dziko.

Munthu ameneyu ndinamupeza pa gulu la WhatsApp la Amalawi a ku Joni. Anthu atatu anamuyamikira, mmodzi n'kunena kuti ndi msuweni wake. Pafoni ankanditchula kuti "akulu", ankafunsa za amayi kumudzi, ankadziwa ndi dzina la mpingo wathu. Anati ali ndi kaofesi mu Limbe ndipo pa Mwanza amadziwika ndi aliyense. Mawu ake anali akuti, "Akulu, inu gwirani ntchito mwamtendere kumeneko, galimoto muipeza pakhomo itavala kale nambala." Anandiwerengera msonkho ndi malipiro ake pamodzi, nambala imodzi yokha, ndipo inali yotsika kuposa imene anthu ena awiri anandiuza. Pamenepo mpamene ndinayenera kuima. M'malo mwake ndinakondwa, ndipo mu Seputembala 2023 ndinamutumizira ndalama zonse ku akaunti ya dzina lake.

Galimoto inakwera pa lole, inadutsa Beitbridge, Harare, Nyamapanda, Tete, Zobue, makilomita pafupifupi 1,700 popanda chovuta. Itangolowa m'dziko, nkhani zinayamba. Sabata yoyamba akuti netiweki yavuta. Yachiwiri akuti bwana amene amasaina ali ku maliro. Yachitatu foni osayankha, madzulo n'kutumiza uthenga woti ali ku chipatala ndi mwana. Ine ndili ku ntchito ku Germiston, ndikubisala kuchimbudzi kuti ndimuimbire, abwana akundiyang'ana ndi diso loipa. Kenako mu Novembala kwacha inagwa ndi 44 peresenti, ndipo tsiku lotsatira lomwe munthuyo anaimba yekha, mawu ali odekha, akuti ndalama ija sikukwananso, ndiwonjezere. Ndinamufunsa kuti, kodi msonkho simunalipire kale mu Seputembala? Anati zinthu zake sizili choncho, inu simungazimvetse muli kunja. Mawu amenewo mukadzawamva kwa munthu amene wagwira ndalama zanu, dziwani kuti zadyedwa.

Ndinawonjezera. Ndinawonjezeranso mu Disembala. Mu Januwale ndinapempha tchuthi chosalipidwa, n'kukwera basi. Kaofesi ka mu Limbe kaja ndinakapeza, koma munali mayi wogulitsa zitenje, amene anati bamboyo amangobwera kudzatchaja foni. Nditapita ndekha kukafunsa za mapepala a galimoto, ofesala amene anandithandiza anandionetsa zimene zinalembedwa m'dzina langa. Munthu uja analibe chiphaso cha ntchitoyi, ankangopereka mapepala kwa ena. Mtengo wa galimoto anautsitsa kufika pochititsa manyazi, ndipo injini analemba kuti ndi ya malita 1.8. Oyeza anangotsegula boneti n'kuwerenga masilinda, galimoto n'kuigwira. Iwo anachita ntchito yawo. Bodza linali m'dzina langa, ndiye chindapusa chinali changa, msonkho wonse woyenera unali wanga, ndi ndalama za malo amene inasungidwa tsiku lililonse kuyambira Okutobala zinali zanga. Pa zonse zimene ndinatumiza, palibe ndi tambala yemwe amene anafika ku boma.

Tsiku limene ndinaiona sindidzaliiwala. Inakhala panja mvula yonse. Timabowo totulutsa madzi a padenga lotsegula tinatsekeka ndi masamba, madzi n'kudzaza kumapazi. Mipando imene ndinaisunga ngati dzira inachita nkhungu yobiriwira, kapeti akununkha, ndipo dzimbiri limene ndinalithawa mosamala ku Gauteng linayambira pansi pa mpando wa dalaivala mu Blantyre momwemo. Ndinakhala pa mwala n'kulira ngati mwana. Nkhaniyi ndinakaisiya kupolisi. Amene anamuyamikira pa gulu paja anangoti pepani, ifenso tinangomva kwa ena.

Ndiye tamverani, ndipo apa sindinyengerera munthu. Ndalama ya msonkho sipita m'thumba kapena mu akaunti ya ejenti, ngakhale akhale mlamu wanu. Khalani ndi TPIN yanu, nambala ya wolipira msonkho. Ejenti akhale wa chiphaso cha MRA, bungwe lotolera misonkho, ndipo mutsimikize zimenezo ku MRA komweko, likulu lawo lili ku Msonkho House mu Blantyre, osati pa chithunzi chimene wakutumizirani pafoni. Iye akalowetsa mapepala mu kompyuta, pamatuluka chikalata chosonyeza msonkho umene mukuyenera kulipira. Chikalatacho akutumizireni, muwerenge chaka cha galimoto, kukula kwa injini, nambala ya chasisi ndi mtengo, kenako mulipire ku banki nokha kapena kudzera mwa m'bale amene akutumizireni lisiti tsiku lomwelo. Malipiro a ejenti ndi apadera, theka poyamba, theka galimoto ikatuluka. Akakana, alipo ambiri, pezani wina. Ndipo akangoti "ndikudziwa mochepetsera", dulani foni. Dzina lolembedwa pa pepalalo ndi lanu.

Chinanso chimene ambiri simuchiganizira n'chakuti kwathu galimoto ikakalamba msonkho wake suchepa ayi. Msonkho wa excise umakwera ndi zaka za galimoto komanso kukula kwa injini, ndiye ya zaka 35 ya malita 2.5 ili pamalo owawa mbali zonse ziwiri. Pamwamba pake pali msonkho wolowetsera katundu ndi VAT, ndipo zonsezi amawerengera pa mtengo wa galimoto pamodzi ndi ndalama zonyamulira ndi inshuwalansi. Funsani chiwerengero musanagule, osati galimoto ili kale pa lole. Sungani ndalamayo mu randi kapena mapaundi kufikira tsiku lolipira, chifukwa kwacha inagwa mu Meyi 2022, inagwanso mu Novembala 2023. Lilipo lamulo lothandiza amene akubwerera kwawo kotheratu, koma limafuna kuti galimotoyo ikhale kuti inali m'dzina lanu ndipo munkaiyendetsa muli kunjako kwa nthawi ndithu. Si la munthu amene wagula sabata yatha, komanso si la amene akungotumiza galimoto iye n'kutsala. Alembereni a MRA kalata, akuyankheni polemba, yankholo musunge.

Musatumize galimoto yotere inu kulibe. Ichi ndikunena mobwereza chifukwa ndi chimene chinandipha. Konzani tchuthi chanu kuti inu ndi galimoto mufike pa Mwanza sabata imodzi. A ku UK amene yanu ibwere pa sitima kudzera ku Dar es Salaam ndi Songwe, kapena ku Beira, ndi chimodzimodzi, ndipo muijambule paliponse isanakwere, m'kati musasiyemo kanthu.

Ikatuluka, zotsala ndi chikalata cha apolisi a Interpol, kulembetsa ku Road Traffic pa Ginnery Corner, COF (chikalata chosonyeza kuti galimoto ndi yoyenera kuyenda pamsewu) ndi inshuwalansi. Imani pamzere nokha, madobadoba a panja musawapatse mapepala anu.

Moyo wake mu Blantyre uli ndi zake. Galimotozi n'zazifupi, ndipo amene anaitsitsa masipuling'i kuti ioneke bwino ku Sandton sanaone mahampu a ku Ndirande kapena msewu wopita kwanu ku Machinjiri ikagwa mvula. Bwezeretsani masipuling'i ake enieni, ikani chitsulo chotchinga pansi pa injini, chifukwa poto wa oilo wa E30 amakhala kutsogolo ndi pansi, ndipo mwala umodzi ndi wokwana. Petulo wa kwathu amasakaniza ndi ethanol wa ku Dwangwa ndi Chikwawa, ndipo ethanol amadya mapaipi a labala akale, amakokanso chinyontho galimoto ikangokhala. Sinthani mapaipi onse a mafuta. Fungo la petulo pa galimoto yakale si lozolowera, ndi moto ukubwera, ndiye chozimitsira moto chikhale pafupi ndi mpando. Masipeya ang'onoang'ono monga lamba, pampu ya madzi, mafyuluta ndi mabuleki gulani awiriawiri muli konko, mu Limbe mudzazungulira tsiku lonse n'kupatsidwa chongofanana nacho. Makaniko akhale mmodzi, makamaka mdala amene anagwirapo galimoto za m'ma 1980, ndipo akatsegula injini mukhale pomwepo.

Ngati mukubwereranso kunja, makiyi musasiyire mphwanu kuti "aziiliza". Idzapita ku ukwati ku Lunzu, idzapita ku nyanja, mudzamva nkhani itagona m'ngalande. Ikhale m'nyumba yofolera, batire atachotsa, ndipo woiliza kamodzi pa sabata ziwiri akhale munthu wamkulu amene saikhumbira.

Yanga inanditengera miyezi 7 kuti ndichotse kapeti, ndiwotcherere chitsulo chatsopano pansi pa mpando ndi kusoketsa mipando ku Ndirande. Loweruka m'mawa ndimatuluka nayo cha m'ma 5, kudutsa Limbe kusanadzuke, n'kulowera msewu wa Thyolo pakati pa minda ya tiyi. Ngongole imene ndinatenga kuti ndilipire msonkho kachiwiri ndimaliza kubweza chaka chamawa.