Mmene mungatsogolere gulu la ophunzira ochokera kunja pa yunivesite osalisiya likufa mukamachoka

Musanakweze dzanja kuti mukufuna mpando mu gulu la ophunzira ochokera maiko akunja, dziwani kaye kuti anthu a gulu limeneli sakhalitsa. Wa digiri ya masitazi chaka chimodzi kapena ziwiri wapita, wobwera pa pulogalamu yosinthana ophunzira semesita imodzi basi wanyamula zikwama, ndiye chaka chilichonse gulu limakhala ngati langobadwa kumene. Ine ndinakhalapo mlembi wa gulu lotere, tsiku lolandira mipando anatipatsa katoni imodzi muli mapositala ong'ambika ndi mbendera zing'onozing'ono za mapepala, pasiwedi ya imelo ya gulu panalibe ankaidziwa, yemwe ankaisunga anali atabwerera kwawo ndipo nambala yake sinkagwiranso. Mwezi wathunthu unatha tikufufuza zinthu zoti zikanakwana pa pepala limodzi. Zonse ndikulembazi zachokera pamenepo.

Poyamba musathamangire upulezidenti. Chaka choyamba dziperekeni kaye pa ntchito yolandira alendo, ija amati buddy, yomwe amakupatsani wophunzira watsopano mmodzi kapena awiri kuti muwayendetse masabata oyambirira. Ku Ulaya bungwe la Erasmus Student Network, lomwe linayamba mu 1989 patangotha zaka ziwiri pulogalamu yosinthana ophunzira ya Erasmus itakhazikitsidwa mu 1987, linakula ndi mfundo yomweyi, yoti wophunzira azithandiza wophunzira mnzake. Ntchito imeneyi ndi yomwe imakuphunzitsani gulu. Mtsikana wina yemwe ndinamulandira ndinamupeza atakhala pa sutikesi yake panja pa hositelo, foni ilibe netiweki, ofesi yopereka makiyi atatseka, akuyesetsa kuti asalire. Sankafuna phwando ayi, ankafuna munthu womuuza komwe angagone usiku umenewo, komwe angapeze simu khadi, basi yokwera ndi iti, akaunti ya kubanki atsegula bwanji. Mukaona zimenezi ndi maso anu mudzadziwa kuti gulu lilipo chifukwa chani, ndipo tsiku lomwe mudzapemphe mavoti simudzasowa chonena.

Mukalowa mu komiti, sabata yoyamba yomweyo funsani malamulo a gulu muwawerenge. Ngati palibe, lembani, masamba awiri atatu akwana: mipando ilipo ingati, wapampando, mlembi, msungichuma ndi ena, zisankho zimachitika liti, pamafunika anthu angati kuti msonkhano uthe kumanga mfundo, munthu akasiya ntchito pakati pa chaka alowe m'malo ndani. Onetsetsaninso kuti gulu ndi lolembetsedwa ku bungwe la ophunzira onse la pasukulupo, chifukwa m'mayunivesite ambiri popanda zimenezo holo simupatsidwa, ndalama zothandizira magulu simuzionanso.

Za ndalama sinditalikitsa. Zisamadutse mu akaunti ya munthu ngakhale akhale wokhulupirika bwanji, potulutsa azisaina anthu awiri, ndipo lisiti iliyonse ijambulidwe tsiku lomwelo iikidwe mu foda ya gulu. Ubale wa anthu abwinobwino umatha chifukwa cha lisiti imodzi yotayika.

Pamene pamavuta zenizeni ndi pa msonkhano. Mwasonkhana anthu a maiko khumi, chilankhulo chomwe mukugwiritsa ntchito kwa ambiri ndi chachiwiri kapena chachitatu, ena anakula akuuzidwa kuti kudula mnzako mawu ndi mwano pomwe ena kwawo kulankhulira limodzi ndi kusonyeza kuti nkhani yakukhudza, ndiye mukangowasiya choncho anthu atatu okha ndi amene amalankhula, otsalawo amangogwedeza mitu inu nkumati agwirizana nazo. Sanagwirizane nazo, sanapeze mpata basi. Tinali ndi mnyamata wina yemwe misonkhano inayi yonse sanatsegule pakamwa, koma tsiku lina usiku ananditumizira meseji yaitali yolongosola bwinobwino chifukwa chomwe ulendo tinkakonzawo ukanalepherekera, ndipo ankanena zoona. Kuyambira pomwepo mfundo zokambirana tinayamba kutumiza kutatsala tsiku limodzi kuti aliyense akonzekere mawu ake, wapampando ankazungulira kufunsa munthu aliyense pa dzina, ndipo ofuna kupereka maganizo polemba ankaloledwa. Inu wotsogolera lankhulani pang'onopang'ono, nthabwala zomveka kwa a kwanu okha zisiyeni, ndipo pomaliza bwerezani kuti wakuti achita chakuti pofika tsiku lakuti, mlembi alembe.

Chenjeraninso kuti gulu lisasanduke la dziko limodzi. Zimachitika popanda wina kufuna zoipa, a dziko lomwe ali ambiri amavoterana, kenako pa msonkhano ayamba kulankhula chakwawo, ena aja nkungosiya kubwera mwakachetechete. Ikani m'malamulo kuti mu komiti anthu a dziko limodzi asapose awiri. Ndipo ophunzira a dziko lomwe mukuphunzirako musawatsekere kunja, ndi amene amadziwa zitseko zogogoda, komanso ambiri amafuna anzawo akunja koma amasowa poyambira.

Pofalitsa uthenga musaganize kuti aliyense ali pa WhatsApp. Wochokera ku China amakhala atazolowera WeChat chifukwa WhatsApp kwawo ndi yotsekedwa, wa ku South Korea KakaoTalk, wa ku Japan kapena Thailand LINE. Uthenga wofunika uzipitanso pa imelo ya sukulu, imeneyo aliyense ali nayo.

Kalenda ikonzeni kumayambiriro kwa semesita, mutayang'ana masiku a mayeso ndi operekera ma asayimenti, chifukwa sabata imeneyo ngakhale mutakonza zabwino bwanji holo ikhala yopanda anthu. Funsaninso mamembala masiku awo akuluakulu. Ramadan chaka chilichonse imabwera msanga ndi masiku pafupifupi 11, choncho kalenda ya chaka chatha musangoikopera, ndipo chaka chatsopano chowerengera mwezi chomwe amakondwerera ku China, Vietnam ndi Korea chimagwa pakati pa kumapeto kwa January ndi February. Pa 17 November pali tsiku la ophunzira padziko lonse, lokumbukira zomwe a Nazi a ku Germany anachita mu mzinda wa Prague, likulu la ma Czech, mu 1939, pomwe anatseka mayunivesite a ma Czech, kupha atsogoleri a ophunzira 9 ndi kutumiza ophunzira oposa 1,000 ku ndende ya Sachsenhausen. Ndi tsiku labwino lokambirana za ufulu wa ophunzira. Koma kwa ine chochitika chofunika kuposa zonse si chiwonetsero cha zikhalidwe chija chokhala ndi magule ndi zovala zokongola, ndi kukumana kwa pa holide yaitali, pomwe kampasi yangoti zii, eni dziko apita kwawo, otsala ndi aja alibe ndalama ya ndege. Ngakhale kungokhala limodzi mu chipinda chimodzi madzulo, munthu amapeza mphamvu yopitirizira.

Anthu adzayamba kukubweretserani mavuto akuluakulu chifukwa amakukhulupirirani, ndiye dziwani polekezera. Nkhani za viza musamapereke malangizo a m'mutu mwanu. Mwachitsanzo ku UK wophunzira wa digiri pa viza ya sukulu nthawi zambiri amaloledwa kugwira ntchito maola 20 pa sabata sukulu ili mkati, ku America wa viza ya ophunzira ija amati F-1 nayenso ndi maola 20 koma ntchito ya pa kampasi, ndipo malamulowa amasinthasintha, kulakwitsa pang'ono munthu maphunziro ake atha kuthera panjira. Mutengeni mupite naye limodzi ku ofesi yoona za ophunzira akunja. Chimodzimodzi wina akamaoneka kuti nkhawa zamukulira, sakudya, sakutuluka m'chipinda, mumvetsereni koma mumuperekeze kwa alangizi a pasukulupo, musasenze nokha. Madandaulo obwerezabwereza, monga a malo ogona kapena kusalidwa, muziwalemba ndi madeti ake, kuti mukapita kwa akuluakulu a sukulu mukanene kuti anthu angapo akumana ndi chakuti mwezi uno, osati kungoti anthu akudandaula.

Tsopano kubwerera ku katoni ija. Buku losiyira okulowani m'malo liyambeni mwezi woyamba, osadikira kumapeto pomwe mutu uli pa mayeso ndi matikiti a ndege. Mulembemo mapasiwedi, maofesi omwe mumagwira nawo ntchito, mmene amasungitsira holo ndi masiku angati pasadakhale, chochitika chilichonse chinadya ndalama zingati, chinabwera ndi anthu angati, ndi chomwe chinalakwika. Zisankho zichitike mayeso asanayambe kuti komiti yatsopano iyende nanu limodzi mwezi umodzi, ndipo mu komiti muzikhala wina wa chaka choyamba kapena chachiwiri yemwe adzakhalepobe inu mutapita. Ife pochoka tinakhala pansi ndi mlembi watsopano maola awiri, analowa mu imelo ya gulu ine ndikuona, anasintha pasiwedi yekha, nkuilemba mu buku lija pa tsamba loyamba.